Bechtel inayamba ndi nyulu, koma chomwe imagulitsa si simenti

Pali chithunzi china chakale cha Hoover Dam, damu lalikulu la ku America, chomwe ndimabwererako kangapo pa chaka, cha anthu atalendewera pa zingwe pakhoma la chigwa cha Black Canyon akuswa miyala, pansi pawo kuli mtsinje wa Colorado ukuoneka ngati kaulusi. Ine zomangamanga ndimazikonda kuyambira kale, milatho, madamu, njanji, chilichonse chachikulu chomwe munthu ukachiona umadzifunsa kuti anayambira pati. Nde nditayamba kufufuza kuti omwe anamanga damu limeneli anali ndani, dzina lomwe linkangobwerabwera ndi Bechtel, ndipo nditalitsata dzinali ndinapezeka ndili ku Saudi Arabia, kenako ku Kuwait, ku Boston, ku Iraq mpaka ku Bolivia. Kampani imodzi yomweyo, banja limodzi lomwelo.

Chiyambi chake nchosavuta kufotokoza. Mu 1898 Warren Bechtel, yemwe ulimi wa ng'ombe unamukanika ku Kansas, anatenga nyulu zake nkupita ku Oklahoma kukagwira ntchito yosalaza malo oti padutse njanji. Basi. Munthu, nyulu ndi chokokolera dothi. Anayenda mmakampu a njanji kwa zaka zingapo, anafika ku California, anayamba kutenga makontrakiti akeake, ndipo mu 1925 iye ndi ana ake komanso mchimwene wake analembetsa W.A. Bechtel Company. Pofika nthawi imeneyo anali atamangako misewu, njanji ndi mapaipi koma anali asanafike poti dziko lonse limudziwe.

Chomwe chinasintha zonse ndi tenda ya damu lija mu 1931. Ndipo apa ndi pomwe ndinayamba kumvetsa kuti bizinesi iyi imayenda bwanji. Boma la America silinkangofuna munthu wodziwa kusakaniza konkire ayi, linkafuna kuti wopikisana nawo aike chikole cha madola 2 miliyoni pongopereka mtengo wake, ndipo akapambana aikenso chikole cha madola 5 miliyoni chotsimikiza kuti ntchito aimalizadi. Imeneyo inali nthawi ya mavuto aakulu a zachuma, mabanki akugwa, ndiye panalibe kontrakitala mmodzi kumadzulo kwa America yemwe akanatha kusenza zimenezi yekha. Mutu umodzi susenza denga, nde anagwirizana, Bechtel ndi Henry Kaiser mbali imodzi, Utah Construction, Morrison-Knudsen, MacDonald & Kahn, J.F. Shea ndi Pacific Bridge, nkudzitcha Six Companies. Mtengo omwe anapereka unali madola 48,890,955, ndipo unangosiyana ndi zomwe mainjiniya a boma anawerengera okha ndi madola pafupifupi 24,000. Mpaka lero makampani akuluakulu amachita chimodzimodzi, ntchito ikakula amaphatikizana awiri atatu, osati chifukwa choti sadziwa kumanga koma kuti zikavuta asaluze okha.

Ntchito yakeyo ndimaigomera, sindinganame. Kuti amange damu anayenera kaye kupatutsa mtsinje wonse, nde anaboola mphanga zinayi mmakoma a chigwacho, iliyonse yotambalala mamita 17. Konkire ikamauma imatulutsa kutentha, ndipo mainjiniya anawerengera kuti akangothira yonse pakamodzi itenga zaka zoposa 100 kuti izizire komanso ing'aluka, ndiye anathira mzigawozigawo nkuyala mapaipi ang'onoang'ono mkati momwemo mmene munkadutsa madzi ozizira. Damu la mamita 221 kutalika, analipereka kwa boma mu 1936, zaka ziwiri tsiku lomwe anapangana lisanafike.

Koma liwiro limenelo pali omwe analilipira. Mchilimwe cha 1931 kutentha kunkapitirira madigiri 45, anthu akukomoka ena kufa kumene, ndipo mu August chaka chomwecho ogwira ntchito ananyanyala kampani itadula malipiro a anthu a mmphanga zija, bwana wa pamalopo Frank Crowe anangowachotsa ntchito nkuyamba kulemba ena, poti anthu osowa ntchito anali mbweee panja pa geti. Chiwerengero chomwe boma limavomereza nchoti anthu 96 anafa pomanga damuli. Koma palinso ena oposa 40 omwe analembedwa kuti anafa ndi chibayo, pomwe anzawo ankanena kuti chinawapha ndi utsi wa magalimoto omwe ankayenda mkati mwa mphanga zotsekeka zija, ndipo kulemba kuti chibayo kunkathandiza kuti kampani isalipire chipukuta misozi. Ichi chimandipweteka kuposa ngozi ya kugwa pa chingwe, chifukwa ngozi imachitika pamalo a ntchito koma ichi chinkachitika pa pepala, mu ofesi.

Warren sanalione damu litatha. Anamwalira ku Moscow mu 1933 ali paulendo okaona ntchito zomwe Soviet Union inkamanga. Mwana wake Stephen ndi yemwe anatenga chiongolero, ndipo kunena zoona Bechtel yomwe tikuidziwa lero ndi ya Stephen osati ya bambo ake. Iyeyu anaona kuti ndalama zenizeni sizili pongomanga zomwe wina wajambula kale. Mu 1937 anagwirizana ndi John McCone nkuyambitsa kampani yomwe inkachita zonse, kujambula mapulani, kugula zipangizo ndi kumanga, mwini ntchito nkungolandira makiyi. Masiku ano amangoti EPC ndipo pafupifupi fakitale iliyonse yaikulu ya mafuta kapena gasi imamangidwa choncho.

Kenako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inabwera. Anthu omwe anali asanapangepo sitima yapamadzi olo imodzi anatsegula madoko awiri opangira sitima, Calship ku Los Angeles ndi Marinship ku Sausalito, ndipo pomwe nkhondo imatha anali atapanga sitima pafupifupi 560. Nzodabwitsa shuwa. Komanso mu 1946 mkulu wina wa ofesi yolondoloza ndalama za boma anauza komiti ya Congress, nyumba ya malamulo ya America, kuti McCone ndi anzake anapeza phindu la madola 44 miliyoni ataikamo madola 100,000 okha, chifukwa malo, zipangizo ndi zina zonse analipira ndi boma. McCone yemweyu anadzakhala wapampando wa Atomic Energy Commission, bungwe la boma loona za nyukiliya, mu 1958, ndipo mu 1961 anakhala mkulu wa CIA. Muligwire dzinali, poti nkhani ya anthu otuluka mu kampani kulowa mboma ndi otuluka mboma kulowa mu kampani ibweranso.

Nkhondo itatha Stephen analunjika kuchipululu. Kuyambira 1947 Bechtel inagwira nawo ntchito yoyala Trans-Arabian Pipeline, paipi yamafuta ya makilomita oposa 1,000 kuchoka kummawa kwa Saudi Arabia kukafika ku Sidon ku Lebanon, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1950. Ubale ndi banja lachifumu la Saudi unalimba pamenepo ndipo sunathe, mu 1976 anasaina zoyang'anira ntchito yomanga Jubail, mzinda wathunthu wa mafakitale pomwe kale panali kamudzi ka asodzi, ndipo kontrakiti imeneyo anakhala akuionjezera zaka kangapo. Tangoganizani kasitomala mmodzi kwa zaka zoposa 40. Ku nyukiliya nakonso analowa molawirira, ndi iwo anamanga EBR-I ku Idaho yomwe mu 1951 inayatsa mababu anayi ndi magetsi a nyukiliya, kenako siteshoni ya Dresden ku Illinois, ndipo gawo lalikulu la masiteshoni a nyukiliya a ku America iwo anaikapo dzanja. Zolakwika nazo zinalipo, mu 1977 zinadziwika kuti ku siteshoni ya nyukiliya ya San Onofre chimphika cha reactor cholemera matani 420 anachiika chotembenuka, kutsogolo kuli kumbuyo.

Tsopano zandale zija. George Shultz anachoka pa unduna wa zachuma wa America mu 1974 nkulowa Bechtel, anakwera mpaka kukhala pulezidenti wa kampani, ndipo mu 1982 Ronald Reagan anamutenga kukhala nduna ya maubale ndi maiko akunja. Caspar Weinberger anali loya wamkulu wa kampaniyi, mu 1981 anakhala nduna ya chitetezo. Ndiye panali nthawi yomwe mipando iwiri yamphamvu kwambiri mu nduna za America inali mmanja mwa anthu awiri ochokera kampani imodzi yomangamanga. Ine sindikunena kuti panali katangale, ndipo sindikonda anthu omwe amangoti paliponse pali chiwembu. Chomwe ndikunena nchoti ngati makasitomala ako ndi maboma ndi makampani a mafuta, katundu wako wamkulu ndi woti ukaimba foni kumayankhidwa. Makina okumbira aliyense akhoza kubwereka. Koma kuti nduna ikukhulupirire, kuti banki ivomere kubwereketsa mabiliyoni itangoona dzina lako pa pepala, chimenecho sichigulidwa pa shopu, ndipo ndi chomwe Bechtel yakhala ikuunjika kwa zaka zoposa 100.

Apa ndiime pang'ono ndifotokoze za makontrakiti chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa, ndipo anthu ambiri tikamakangana za pulojekiti yomwe yachedwa kapena yadula sitifika pofunsa funso limeneli. Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi wa mtengo umodzi wokhazikika, kontrakitala amati ndimanga ndi ndalama zakutizakuti, zitsulo zikakwera mtengo kapena pansi pakapezeka thanthwe lomwe samaliyembekezera ndi zake zimenezo, akhoza kuluza mpaka kutseka kampani. Wina ndi omwe amati cost-plus, mwini ntchito amabweza ndalama zonse zomwe zalowa nkuonjezerapo kaphindu ka kontrakitala pamwamba, nde zikadula wolira ndi mwini ntchito, ndipo mwini ntchito akakhala boma ndiye kuti wolira ndi wokhoma msonkho. Phindu mu bizinesi iyi ndi lochepa ukayerekeza ndi ndalama zomwe zimadutsa mmanja, pulojekiti imodzi yoipa ikhoza kudya phindu la zabwino khumi, nchifukwa chake maloya ndi owerengera mitengo amalimbana miyezi pa chiganizo chimodzi. Ndipo nthawi zambiri kampani ngati Bechtel siikhala ndi antchito ake ogwira fosholo, imayang'anira, kugawa ntchito kwa makontrakitala ang'onoang'ono mazanamazana, kulondola kuti chitsulo chochoka ku Korea chifike tsiku lomwe crane ili pamalo. Ntchito imeneyi siioneka pa chithunzi koma ikalakwika zonse zimaima.

Ikayenda bwino imakhala ngati ya ku Kuwait mu 1991. Asilikali a Iraq pothawa anayatsa zitsime za mafuta zoposa 600, masana kukuda ngati usiku, ndipo akatswiri ena ankati moto umenewo utenga zaka kuti uzime. Bechtel siinali yozimitsa moto yeniyeni, amenewo anali magulu ngati a Red Adair ndi ena ochokera maiko osiyanasiyana, koma ndi iyo inabweretsa anthu masauzande, makina, chakudya, misewu, komanso kutembenuza mapaipi omwe ankapititsa mafuta kunyanja kuti azibweretsa madzi a mnyanja ku zitsime. Pofika November chaka chomwecho chitsime chomaliza chinatsekedwa. Ndikawerenga zimenezi ndimamvetsa chifukwa chomwe maboma amabwererabe kwa iwo. Chimodzimodzi Channel Tunnel, njanji yodutsa pansi pa nyanja pakati pa England ndi France, yomwe inatsegulidwa mu 1994, bwalo la ndege la Hong Kong mu 1998, ndi njanji ya Jubilee Line ku London yomwe anaitanidwa kuti akaipulumutse ithe chaka cha 2000 chisanafike.

Ikayenda moipa imakhala ngati Big Dig ya ku Boston, ntchito yokwirira msewu waukulu pansi pa mzinda, yomwe Bechtel inkayang'anira limodzi ndi Parsons Brinckerhoff. Poyamba ankati idya madola 2.8 biliyoni, inakathera kupitirira 14 biliyoni. Madzi ankadontha mmakoma. Mu July 2006 zidutswa za konkire za kudenga zinagwera galimoto nkupha mayi wina, ndipo ofufuza anapeza kuti guluu yemwe anamatira mabawuti ogwira zidutswazo sanali woyenera kunyamula katundu kwa nthawi yaitali, ankatamuka pang'onopang'ono. Mu 2008 makampani awiriwa anavomera kulipira madola 407 miliyoni, Bechtel yokha 352 miliyoni. Ndi ndalama zambiri inde, koma muziike pambali pa 14 biliyoni ija muone yemwe anasenza gawo lalikulu. Ku Iraq nako, mu April 2003 USAID inawapatsa kontrakiti yokonzanso magetsi, madzi, masukulu ndi doko la Umm Qasr yomwe inkatha kufika madola 680 miliyoni, pa mpikisano omwe makampani ochepa okha ndi omwe anaitanidwa, zonse pamodzi zinadzafika 2.3 biliyoni. Anachokako mu 2006, anthu 52 ogwira ntchito pa mapulojekiti awo ataphedwa, chipatala cha ana ku Basra chisanathe.

China chomwe anthu ambiri sadziwa, Bechtel siili pa msika wa masheya. Eni ake ndi banja ndi mabwana akuluakulu a mkati momwemo. Stephen wachiwiri, mwana wa Stephen uja, anatsogolera kuyambira 1960 mpaka 1990, Riley kuyambira 1990, ndipo Brendan yemwe anakhala mkulu mu 2016 ndi wa mbadwo wachisanu. Mbali ina ndimaiona yabwino, kampani yotere ikhoza kudikira zaka khumi osaopa kuti masheya agwa mawa. Mbali ina ndi yoti siikakamizidwa kuulula mabuku ake ngati makampani a pamsika, chikhalirecho ndalama zambiri zomwe imalandira ndi za anthu wamba. Mu 2018 anasamutsa likulu kuchoka ku San Francisco kupita ku Reston, Virginia, kufupi ndi Washington, ndipo kwa ine kusamuka kumeneko kukufotokoza bizinesi yawo bwino kuposa chikalata chilichonse. Lero akumanga mafakitale a LNG, gasi woziziritsidwa mpaka kukhala wamadzimadzi, mmbali mwa nyanja ku Texas ndi Louisiana, anamanga nawo njanji ziwiri za Riyadh Metro ku Saudi Arabia, ndipo ndi iwo anaitanidwa mu 2017 kukamalizitsa ma reactor a nyukiliya a Vogtle 3 ndi 4 ku Georgia, kampani ya Westinghouse yomwe inkatsogolera ntchitoyo itagwa.

Koma nkhani yomwe imandikhala pamtima ndi ya Cochabamba, ndipo chodabwitsa nchoti poyerekeza ndi zonsezi inali kantchito kakang'ono. Mu 1999 boma la Bolivia, World Bank ikulikankha kuti madzi apite mmanja mwa makampani, linapereka madzi a mzindawu kwa zaka 40 kwa gulu lotchedwa Aguas del Tunari, lomwe linali lokhalo lomwe linapereka mtengo, ndipo Bechtel inali ndi gawo la 27.5 peresenti kudzera ku kampani ya International Water. Mu kontrakitimo munali phindu lotsimikizika la pafupifupi 15 peresenti pa chaka komanso udindo othandiza kulipira damu lodula la Misicuni lomwe andale a kumeneko ankalifuna kwambiri. Ndalama zimenezo zikanachokera kuti? Mu bilu basi. Kumayambiriro kwa 2000 mitengo inakwera, kampani inkati ndi 35 peresenti, mabanja ambiri ankaonetsa mabilu okwera kuposa pamenepo, mdziko lomwe malipiro otsikitsitsa sankafika madola 100 pa mwezi. Panalinso lamulo latsopano, Law 2029, lomwe alimi ndi anthu omwe anakumba zitsime ndi kuyala mapaipi ndi ndalama zawo anaona kuti liwalanda madzi awo omwe.

Anthu anatseka misewu, alimi othirira, ogwira ntchito mmafakitale motsogozedwa ndi Oscar Olivera, ana asukulu, azimayi ogulitsa pamsika. Mu April pulezidenti Hugo Banzer analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo nkutumiza asilikali, ndipo mnyamata wa zaka 17 anaomberedwa nkufa. Patangopita masiku ochepa mabwana a kampani anachoka mumzindamo ndipo boma linathetsa kontrakiti.

Chinatsatira ndi chomwe chimandionetsa kuti pepala limalemera bwanji mu bizinesi iyi. Aguas del Tunari inakasuma ku ICSID, bwalo loweruza milandu ya makampani ndi maboma lomwe lili pansi pa World Bank yomweyo, kufuna madola osachepera 25 miliyoni, ndipo inadzera pa pangano la Bolivia ndi Netherlands chifukwa umwini wake unali utalembetsedwa kumeneko. Bechtel yakhala ikunena kuti mitengo inavomerezedwa ndi boma ndipo kuti mkwiyo wambiri unachokera ku lamulo lija lomwe iwo sanalembe, ndipo mmenemo muli zoona zake, andale a Bolivia nawo sanali oyera. Komabe ine sindinapezebe njira yovomerezera kuti munthu asaine phindu lotsimikizika pa madzi akumwa a anthu osauka osayamba wadzifunsa kuti bilu ikafika pakhomo mayi uja achotsa chiyani pa bajeti yake. Owerengera mitengo anawerenga zonse, chiongola dzanja, mapaipi, damu, kupatula chimenecho.

Anthu maiko ambiri anachita zionetsero, mpaka ku ofesi yawo ku San Francisco, ndipo mu January 2006 kampani inausiya mlandu, Bolivia nkulipira ma boliviano awiri okha ongosonyeza kuti nkhani yatha. Madzi anabwerera ku SEMAPA, kampani ya mzinda yomwe inkayendetsa kale, yokhala ndi mapaipi ake otayikira omwe aja. Damu la Misicuni linadzayamba kugwira ntchito mu 2017. Ndipo kwa zaka zambiri chipambanireni nkhondo ya madzi ija, mabanja a kummwera kwa Cochabamba, omwe anali patsogolo potseka misewu, anapitiriza kugula madzi a mmigolo kwa magalimoto a mathanki, pa mtengo wokwera kuposa omwe anthu a pakati pa tauni ankalipira pa mpopi.